Kuulutsa drone m'chilimwe popanda kuyatsa tchire la eni

Chaka chilichonse udzu ukangofiira, funso limakhala lomweli. Wina wagula kandege ka drone mu mzinda wa Tete, wina wamubweretsera m'bale wa ku Joni, winanso wapeza ganyu yojambula ukwati ku Domwe, ndiye foni imalira: "Achimwene, kodi n'zoona kuti kandegeka kakhoza kuyatsa tchire?" Ndayankha mpaka kutopa, choncho ndikulemba pano kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Yankho lake ndi inde, koma osati mmene ambiri amaganizira. Drone ikakhala m'mwamba siyatsa kanthu. Mainjini ake ndi amagetsi, alibe lawi, sataya nthethe za moto. Choopsa ndi batire, ndipo limaopsa drone ikagwa. Mabatire a tindegeti ndi a lithium. Mkati mwake muli timapepala topyapyala tosanjikizana, tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa pepala la kope. Batire likamenyetseka pa mwala kapena kubayidwa ndi chitsa, kapulasitikiko kamang'ambika, mbali ziwiri zamagetsi n'kukhudzana mkati momwemo. Pamenepo limayamba kudzitenthetsa lokha, kutenthako n'kumabala kutentha kwina, mpaka limatulutsa utsi woyera kenako lawi. Zikhoza kuchitika nthawi yomweyo, koma zikhozanso kuchitika patapita mphindi zambiri, inu muli kufunafuna mbali ina ya dambo. Mu February, udzu uli wauwisi, zimenezi ndi nkhani yongotaya ndalama. Mu October ndi nkhani ya nkhokwe za anthu.

Ndiye malangizo onse ali m'munsiwa akuchokera pa lamulo limodzi lomwe ine ndimatsata: m'chilimwe musaulutse drone pamwamba pa malo amene simungafikepo ndi miyendo, mutasenza madzi, pa mphindi zisanu.

1. Yang'anani batire musanachoke pakhomo

Liikeni pa tebulo losalala. Likamagwedera, kapena likamavuta kulowa ndi kutuluka mu drone, latupa. Batire lofufuma ngati mandasi musaliulutsenso, ngakhale likuonetsa kuti ladzaza bwino. Kutupako ndi mpweya wochokera ku mankhwala amene akuwonongeka mkati, ndipo sikubwerera. Anthu ena amalipanikiza ndi thabwa kapena kuliika m'firiji kuti liphwe. Likhoza kuoneka ngati laphwa, koma mkati likadali lowonongeka.

Pali mawu awiri atatu amene mudzakumane nawo. LiPo ndi mtundu wa batire wofala kwambiri pa tindege ta FPV, tija timaulutsidwa munthu atavala magalasi kumaso. Batire limodzi limakhala ndi timagawo totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse imalembedwa 3.7V, ikadzaza imafika 4.2V. Mukaona 4S, ndiye kuti maselo ndi anayi, 14.8V, 6S ndi asanu ndi limodzi, 22.2V. Mabatire a LiPo ambiri amangokutidwa ndi pulasitiki wofewa ndipo amamangidwa kunja kwa kandege, choncho ndiwo amayamba kumenya pansi. A kampani yopanga tindegeti ya DJI ali m'chikamba cholimba ndipo ali ndi kakompyuta kowateteza, n'chifukwa chake sayaka chisawawa. Koma chikamba nachonso chimasweka, makamaka pa miyala ya m'mapiri mwathumu.

Onani pa chaja kapena mu app ya pa foni yoyendetsera drone ngati maselo akulingana. Selo imodzi ikamatsalira anzake kwambiri nthawi zonse, batire limenelo lidzakutherani mphamvu mwadzidzidzi muli m'mwamba. Samalani makamaka ndi mabatire ogula kwa anthu, amene simukudziwa kuti anagwapo kangati.

Potchaja, ikani batire pa simenti kapena pa njerwa, osati pa matiresi, ndiponso osati m'nyumba ya udzu inu mutapita kumpira. Lomwe langotsika kumene, likadali lofunda, lidikireni lizizire. A DJI amalemba okha kuti mabatire awo azitchajidwa pakati pa madigiri 5 ndi 40. Ndipo musalisiye m'galimoto yotseka padzuwa, chifukwa mkatimo kutentha kumapitirira madigiri 60 mosavuta.

2. Sankhani tsiku ndi ola

Kuno mvula imaleka cha mu April. Pofika July ndi August udzu wauma, ndipo kuyambira August mpaka mvula yoyamba ya November ndiyo nyengo ya moto. Koma chigawo cha Tete si chimodzi. Kumtunda kuno, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'mawa kumazizira ndipo m'madambo mumakhala kachinyezi mpaka dzuwa litakwera. Kumunsi, ku Moatize, mu mzinda wa Tete, ku Changara mpaka ku Mágoè, October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo tindege tambiri ta DJI Mini malire ake ogwirira ntchito ndi madigiri 40 omwewo. Kuulutsa masana kumeneko ndi kupempha ngozi.

Kumtunda nakonso kuli vuto lake. Ulongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo phiri la Domwe limadutsa mamita 2,000. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ukatentha umapepukiratu, choncho mapiko amazungulira mwamphamvu kuti anyamule kulemera komweko. Batire limatha msanga ndipo limatentha kwambiri kuposa mmene palembedwera pa katoni.

Ulutsani m'mawa, isanakwane 9 koloko. Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo udzu umakhala utauma kotheratu, mphepo yadzuka, ndiyenso nthawi ya akamvuluvulu. Kamvuluvulu mmodzi akwanira kugwetsa kandege kolemera magalamu 249. Musanayambe, zulani udzu wodzaza dzanja n'kuupinda. Ukathyoka n'kufumbutuka, dziwani kuti kanthethe kamodzi n'kokwanira. Ngati mphepo ikunyamula fumbi ndi mapepala pansi pomwe mwaimapo, pamwamba ikuwomba kuposa pamenepo. Pakirani, mudzabwere mawa. Mwini ukwati akakakamira, muuzeni kuti mujambula pabwalo la tchalitchi ndi pamsewu basi, zithunzi za mapiri mudzazitenga tsiku lina m'mawa n'kuziphatikiza. Palibe adzazindikire.

3. Kaonekereni kwa eni malo

Ambiri amaidumpha mfundo iyi poganiza kuti mlengalenga mulibe mwini. Tchire lililonse limene mukuliona lili ndi mwini wake. Dambo lija ndi msipu wa ng'ombe, mwinanso amayi sanamalize kumwetamo udzu wofolera. Kankhalango kowirira kaja kakhoza kukhala manda kapena dambwe, ndipo kuulutsa kamera pamwamba pake ndi mlandu pawokha, moto usanabwere n'komwe.

Pitani kwa a nyakwawa kapena a mfumu, m'tauni kwa a sekeretariyo a bairro. Nenani tsiku, ola ndi malo. Afunseni kumene kuli nkhokwe, zigafa za fodya, milu ya mapesi ndi udzu womweta kale, komanso ngati pali amene akonza zotentha munda kapena kusaka mbewa tsiku limenelo. Tengani nambala ya foni ya munthu mmodzi wa m'mudzimo amene angathe kumemeza anthu, ndipo onani ngati pamalopo netiweki ikugwira. Mukapeza kuti Vodacom siikugwira, yesani Movitel musanayambe, osati moto utayaka.

Pali chifukwa china chimene ndimalimbikira pamenepa. Moto wambiri wa kuno umayatsidwa ndi anyamata osaka mbewa, otentha makala, osuta fodya ndi okonza minda. Koma ngati mudzi wonse unaona kandege kachilendo kakuzungulira m'mawa, masana tchire n'kupsa, mukuganiza kuti chala chiloza ndani? Amene anakaonekera kwa a mfumu amakhala ndi pomuyambira. Musafufutenso mbiri ya maulendo imene app imasunga, chifukwa imaonetsa ola limene munanyamuka, kumene munadutsa ndi kumene munatera.

Za chilolezo cha boma, oyang'anira za ndege m'dziko muno ndi a IACM, Instituto de Aviação Civil de Moçambique, ndipo ndiwo oyenera kuwafunsa, makamaka ngati mukujambula kuti mulipidwe. Pafupi ndi bwalo la ndege la Chingodzi, damu la Cahora Bassa ku Songo, migodi ya malasha ku Moatize, zipata za m'malire monga Calómuè ndi Zóbuè, ndiponso m'nkhalango yotetezedwa ya Mágoè, musayerekeze popanda chilolezo cholembedwa.

4. Sankhani malo poganizira kugwa, osati chithunzi

Munthu akafika pamalo amayang'ana kumene chithunzi chikongole. Inu yambani mwayang'ana kumene kandege kangagwere, n'kudzifunsa kuti kakagwa apo mufikapo bwanji.

Tiwerengere limodzi. Pamsewu wabwino munthu amayenda mamita pafupifupi 80 pa mphindi. M'tsekera wofika m'khosi, mutasenza madzi, mukudumpha mizere ndi makwawa, mukayenda theka la pamenepo mwachita bwino. Choncho mphindi zisanu ndi mamita 200, mwina 300 ngati pali kanjira. Pa katoni analemba kuti kandege kamapita makilomita angapo, ndipo n'zoona, koma kakagwa pa kilomita imodzi m'tchire mudzafika patapita mphindi 20 kapena kuposa. Moto wa udzu wouma, mphepo ili kumbuyo kwake, ukhoza kuthamanga kuposa munthu. Pa mphindi 20 sudzakhalanso moto wa munthu mmodzi.

Mphindi zisanuzo muziwerenga ndi miyendo, osati ndi maso. Tsidya la mtsinje likhoza kuoneka pafupi, mlatho uli kutali. Chimodzimodzi phompho, mpanda wa minga, kapena phiri.

Malo abwino ndi bwalo la mpira, munda wolimidwa kale, mchenga wa m'mbali mwa mtsinje, ndi lupsa, kutanthauza tchire limene lapsa kale chaka chino. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Pa lupsa palibe choti udye. Ingotsimikizani kuti lazima ndithu, chifukwa zitsa ndi ndowe zouma za ng'ombe zimasunga moto masiku angapo, ndipo phulusa likalowa m'mainjini limawawononga. Nyamukirani pa katoni kapena kansalu, osati paphulusa penipeni.

Malo oipa ndi m'mbali mwa phiri lokhala ndi udzu. Moto pokwera umathamanga kwambiri, popeza lawi limaweramira udzu wakutsogolo n'kuuumitsiratu lisanaufike. Akatswiri a moto amawerengera kuti kutsetsereka kukawonjezeka ndi madigiri 10, liwiro la moto wokwera limawirikiza kawiri. Malo enanso oipa ndi kumtunda kwa mphepo kuchokera kumudzi. Imani, mvetserani kumene mphepo ikupita. Ngati ikuchoka pa tchire limene mukufuna kuulukapo n'kumalowera kunyumba zaudzu, sinthani malo.

Pewani mawaya amagetsi, aakulu ochokera ku Songo ndi ku Matambo ngakhalenso ang'onoang'ono a kampani ya magetsi ya EDM olowa m'midzi. Waya saoneka bwino pa foni, timaso ta drone topewera zopinga timalephera kumuona, ndipo magetsi amphamvu amasokoneza kampasi.

Galimoto kapena njinga yamoto imene mwabwera nayo muiimike pa dothi. Paipi ya utsi yotentha ikakhudza udzu wouma imayatsa, ndipo zikhoza kutheka kandege kasanatuluke n'komwe m'chikwama.

5. Zonyamula

Sipuleya yakumsana ya malita 16, yotsukidwa bwino, yodzaza madzi. Imaposa chigubu chifukwa manja amakhala omasuka ndipo madzi satayika pachabe. Khasu. Chikwanje chodulira nthambi zaziwisi, ndipo muzidule musanayambe kuulutsa. Thumba la chiguduli lonyowetsa. Chitini chachitsulo chokhala ndi mchenga wouma theka. Nsapato zotseka ndi zovala za thonje, chifukwa majezi a mpira a nayiloni amasungunukira pakhungu.

Chofunika koposa zonsezi ndi munthu wachiwiri, wamkulu, osati mwana. Inu maso ali pa foni, iye maso ali pa kandege. Kakagwa, iyeyo ndiye adziwe kuti kagwera kuseri kwa mtengo uti.

6. Muli m'mwamba

Dikirani kuti GPS igwire bwino ndipo app inene kuti yasunga malo onyamukira. Konzani msinkhu wa RTH, kuja kandege kamabwerera kokha kakataya kulumikizana ndi rimoti, kuti upose mtengo wautali kwambiri pamalopo, kaya ndi bulugamu, mlambe kapena nsanja ya netiweki. Ambiri amasiya mmene anagulira, kandege n'kubwerera molunjika m'nthambi.

Popita, pitani moyang'anana ndi mphepo, kuti pobwerera izikukankhani. Amene amachita mosemphanitsa amadabwa batire likutha kandege kakulimbana ndi mphepo pamwamba pa tchire. M'chilimwe ine ndimabwerera batire likafika 40 peresenti, ndipo chenjezo la kutentha likangotuluka ndimatera pomwepo. Musaulukire chammbuyo kapena chammbali pafupi ndi mitengo, popeza tindege tambiri totsika mtengo sitiona mbali zimenezo. Akabawi, mphamba ndi akhungubwe akayamba kukazungulira, kachotseni msanga pamalopo n'kutera.

Mukaona moto wa eni ukuyaka patali, musatumize kandege kuti mukajambule. Mpweya wotentha wokwera pamwamba pa moto umakagwedeza, utsi umakabisa, ndipo mbalame zodya ziwala zothawa moto zimadzaza pamenepo. Kumaiko kumene amazimitsa moto ndi ndege nkhani yake ndi yaikulu: mu January 2025, pa moto wa Palisades ku Los Angeles, drone yaing'ono ya DJI inagunda ndege yothira madzi yochokera ku Quebec n'kuiboola phiko, ndegeyo n'kukhala pansi masiku angapo moto ukuyaka. Kwathu kuno ozimitsa ndi anthu a nthambi m'manja, ndipo safunika chinthu chowagwera pamutu.

7. Kagwa. Tsopano mutani?

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "samalani" n'kudutsa, chonsecho ndi pamene pagona nkhani.

Choyamba, zimitsani mainjini. Pa FPV gwetsani switch ya disarm nthawi yomweyo. Mapiko akakodwa mu udzu injini n'kumakankhabe, magetsi ochuluka amadutsa m'mawaya ndi m'kabolodi koyendetsa mainjini, ndipo zimenezi zikhoza kuyaka ngakhale batire lili bwinobwino. Musayese "kukadzutsa" kuti kanyamukenso muli patali.

Chachiwiri, musazimitse rimoti kapena kutseka app. Pa app ya DJI Fly pali Find My Drone, imene imaonetsa pamapu malo omaliza ndipo imatha kuliza kandege ngati batire likadali m'malo mwake. Mnzanu uja asachotse maso pa chizindikiro chake. Iye atsogole, inu mutsatire ndi sipuleya ndi khasu. Zikwama ndi makamera zisiyeni. Musapite chimanjamanja poganiza kuti mukangoona kaye, chifukwa ulendo wobwerera kudzatenga madzi ndi umene umapatsa moto mpata.

Fikani kuchokera kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi ndi lawi zizipita kutsogolo kwanu. Poyenda, yang'anani kothawira: msewu, munda wolima, thanthwe, lupsa.

Mukafika mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu.

Ngati palibe utsi, musathamangire kutola. Imani kaye masitepe angapo. Mvetserani ngati pali kulira kwa "tsss", nunkhizani ngati pali fungo lotsekemera la mankhwala, longa la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Yang'anani ngati batire lapindika, laboka kapena latupa. Nthawi zambiri batire limafwamphuka n'kugwera pena, choncho mukapeza kandege kopanda batire, ntchito sinathe. Chimene mukufuna kwenikweni ndi batirelo. Mukalipeza, palani ndi khasu kuzungulira, mamita awiri mbali zonse, mpaka dothi lioneke. Kenako ndi khasu lomwelo likankhireni pakati. Likhale pamenepo mphindi zosachepera 30 inu mukuliyang'ana. Ndikudziwa kuti kudikira kumawawa mtima uli pa kamera yosweka, koma batire lovulala limayaka pa nthawi yake. Likakhala lozizira, liikeni m'chitini cha mchenga, chivundikiro chongoikapo osati chotseka zolimba. Musaliike m'thumba la buluku, m'chikwama pamodzi ndi mabatire ena, kapena pansi pa mpando wa njinga yamoto pafupi ndi thanki ya petulo.

Ngati batire likufuka kapena likuyaka koma udzu wangoyamba kumene, limbanani ndi udzu, osati batire. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Maso amathamangira pamene pali lawi lowala, munthu n'kuthera madzi onse pamenepo, m'mbali udzu ukuyaka. Batire loyaka simungalizimitse poliphimba ndi nsalu, chifukwa kutentha kwake kukuchokera mkati. Lisiyeni lipse. Inu poperani madzi m'mphepete mwa moto wa udzu, patsinde pa lawi, mnzanu akumenya ndi nthambi kapena chiguduli chonyowa, akukankhira moto mkati mwa popsa kale osati kunja. Udzu ukazima, madzi otsalawo thirani pa batire kuti lizizire, kapena likwirireni ndi dothi. Madzi pa batire laling'ono ngati ili si oopsa, amathandiza kuti maselo otsala asatenthe. Kumbukirani kuti maselo amayaka motsatizana: la 4S likhoza kuzima n'kubukanso mpaka kanayi, nthawi zina n'kulumpha. Musaliweramire, musaliponde ndi nsapato, ndipo utsi wake musaupume chifukwa ndi wapoizoni.

Ngati lawi lapitirira m'chiuno, kapena moto watambalala kuposa pamene anthu awiri angathe, lekani. Kandege kapita, kaiwaleni. Imbani foni kwa munthu uja munatenga nambala yake, ndipo kuwani kuti "Moto!" kuti a m'madimba ndi abusa a ng'ombe amve. Chimene chimawononga apa ndi manyazi. Munthu amaopa kudziwika kuti ndiye wayatsa, n'kumalimbana yekha mwakachetechete mphindi khumi, pamene mphindi khumi zomwezo anthu akanalambula kuzungulira nkhokwe ndi kutulutsa ziweto m'khola. Mukakhala pafupi ndi tauni imbiraninso a bombeiros, ozimitsa moto, koma kumudzi oyamba kufika ndi anthu a pamudzipo.

Pothawa musakwere phiri moto uli m'munsi mwanu, ndipo musathamange molunjika kumene mphepo ikupita. Pitani chammbali, kapena lowani pamene papsa kale. Anthu akafika, mverani akuluakulu a pamalopo. Amadziwa kumene kuli njira ndi khwawa loti moto ukaimire, ndipo ngati pakufunika kuyatsa moto wina wokumana nawo, aganize ndi iwo, osati inu.

Moto ukazima musachoke msanga. Zungulirani m'mphepete monse, fukulani zitsa ndi ndowe zofuka, thirani madzi kapena dothi. Mphepo ya madzulo imadzutsa moto umene anthu anausiya ataona ngati wafa.

Kenako pitani kwa a mfumu tsiku lomwelo, mukafotokoze nokha. Malamulo a nkhalango a dziko lino amaletsa kutentha tchire mosasamala, ndipo pamudzi pakapsa msipu, udzu wofolera kapena mitengo ya zipatso pamakhala kulipa. Wobwera yekha amakambirana naye mtengo wa zowonongeka. Wothawa amafunidwa ndi apolisi, ndipo akatero watsekera njira aliyense wobwera ndi drone m'dera limenelo.

8. Batire limene linagwa

Ngakhale likuoneka labwino, musalitchaje usiku womwewo. Ligone kunja m'chitini chake, pa dothi, kutali ndi denga la udzu, nkhuni ndi ana, kwa masiku angapo. Ngati chikamba chasweka, lapindika kapena latupa, ntchito yake yatha. Ngati lilibe bala lililonse ndipo maselo akulingana, litchajeni panja masana muli pomwepo, ndipo ulendo woyamba muliulutse pabwalo la mpira chapansipansi.

Lowonongekalo musalitaye kudzala, chifukwa dzala limatenthedwa, ndiponso ana amatola zoterezi n'kumaziboola ndi msomali kapena kulumikiza ku tinyali. Musalipereke kwa okonza mafoni kuti achotsemo maselo. Ngati langokalamba kapena kutupa pang'ono koma silinaboke, limalizeni mphamvu pang'onopang'ono, panja, pogwiritsa ntchito chaja chokhala ndi discharge kapena babu la galimoto logwirizana ndi mavoti ake, kenako matani tepi pa mawaya kuti asakhudzane. Loboka musalilumikize ku chilichonse. Likhale mu mchenga momwemo mpaka mutafunsa akuluakulu a munisipiyo kumene amalandira zinyalala zamagetsi.

Mabatire abwino amene simuwagwiritsa ntchito sabata imeneyo asakhale odzaza. Asungeni ali pakati pa 40 ndi 60 peresenti, kapena 3.8V pa selo, pamalo ozizira. A DJI amadzitsitsa okha pakapita masiku, n'chifukwa chake nthawi zina mumawapeza ofunda pang'ono m'chikwama. Zimenezo si vuto. A LiPo wamba muyenera kuwatsitsa nokha ndi chaja, pa storage. Kowasungira kwabwino ndi m'bokosi lachitsulo losatseka zolimba kapena mumphika wadothi wokhala ndi mchenga pansi, lililonse litamatidwa tepi kumapeto kwa mawaya, ndipo mphikawo ukhale pa simenti, kutali ndi pogona.